Mwamuna wa Zaitun Atagwidwa Kutsidya kwa Malire

Zaitun Amidu anabadwira ku Kapata, m'tauni ya Chipata, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika, ndipo akukhala momwemo mpaka lero. Bambo ake anachokera ku Mangochi ali mnyamata, nadzakalambira pakhonde la sitolo ina ya nsalu ku Down Shops akusoka mayunifolomu a ana a sukulu. Atamwalira, makina ndi khondelo zinatsalira Zaitun, poti alongo ake onse anali atapita ku Lusaka kukafuna ntchito. Sukulu analekezera giredi naini. Za ndale analibe nazo ntchito. Amuna akamakangana za boma pakhondepo, iye ankangoponda makina ake, maso ali pa singano.

Anakwatiwa ndi Shaban Twaibu, dalaivala wa thiraki, munthu wamtali wosalankhulalankhula. Shaban ankanyamula ufa ndi simenti kupita nazo ku dziko lina la kumpoto, limene dzina lake Zaitun safuna kulitchula mpaka pano. Ulendo umodzi unkatha milungu itatu. Anakhala motero zaka pafupifupi makumi awiri, mwamuna pamsewu, mkazi pakhonde, mwana wawo mmodzi yekhayo, Shamim, akukula mpaka kukayamba kosi ya unamwino. M'mawa uliwonse Shaban ankaimba foni n'kungoti, "Amake Shamim, ndadzuka," basi n'kudula.

Tsiku lina la mu Okutobala foniyo sinalire. Mawa lakenso sinalire. Zaitun anadziuza kuti ndi netiweki. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, anaona Mainess Zulu akubwera chothamanga pakati pa njinga ndi maminibasi, phazi limodzi lopanda patapata. Mainess ankagulitsa matimati mumsika wa Kapata, ndipo mwamuna wake, Matiyasi, ankayendetsa thiraki pa kampani imodzi ndi Shaban.

"Amake Shamim, siyani kusoka. Taonani izi."

Anamupatsa foni. Pa kanemayo panali amuna asanu ndi anayi atagwada pa msewu wa tara, manja ali kunkhongo. Asilikali ankayenda kumbuyo kwawo, akuwagogoda ndi mfuti m'mutu ndi m'nthiti. Chapatali nyumba za udzu zinkayaka, ndipo kunkamveka akazi akulira m'chilankhulo chachilendo. Zaitun anaonera koyamba osazindikira aliyense. Kachiwiri anaona Matiyasi, magazi akutsika m'khutu. Kachitatu maso ake anaima pa munthu wa kumapeto, wamtali kuposa anzake ngakhale atagwada. Anali Shaban. Sanalire. Anangobweza foniyo pang'onopang'ono ngati ingasweke.

Pofika madzulo tauni yonse inali itamva. Asilikali a dziko lija ankamenyana ndi zigawenga m'chigawo chimene mathiraki ankadutsa. Anaimitsa mathiraki asanu ndi anayi ochokera kuno, nanena kuti ufa umene ananyamula unali wopita kwa zigawengazo. Mudzi umene unkayakawo unali wa anthu a dziko lomwelo, amene ankawaganizira kuti amabisa adani.

M'mawa mwake akazi awiriwo anapita ku ofesi ina ya boma. Anadikira pabenchi mpaka masana. Bwana amene anawalandira anali munthu waulemu. Anawapatsa madzi akumwa, nawauza kuti kalata yapita kale kwa kazembe wathu wa m'dzikolo ndipo akuluakulu akukambirana.

"Kukambirana mpaka liti, bwana?" anafunsa Zaitun. "Kanema ija mwaiona?"

"Ndaiona, mayi. Koma lija ndi dziko la eni, loyima palokha. Lili ndi boma lake ndi malamulo ake. Sitingangolowamo ngati tikulowa m'munda mwathu."

"Nanga asilikali athu aja timawaona akuguba pa tsiku la ufulu, ntchito yawo n'chiyani?"

Bwanayo anayang'ana pa tebulo. "Tikuyesetsa, mayi. Inu pempherani."

Njira yonse yobwerera ku Kapata mawu akuti "loyima palokha" ankamulira Zaitun m'makutu. Anali atapemphera kale. Ashehe anali atatsogolera duwa ku mzikiti, ndipo ku tchalitchi cha Mainess anali atasala kudya. Chimene iye ankafuna tsopano chinali munthu woti apite akamutenge mwamuna wake.

Nyumba yoyandikana ndi yake inali ya a Jethro Mwale, msilikali wopuma pa ntchito amene tsopano ankaweta nkhuku za mazira. Ali pa ntchito anatumizidwa kawiri kunja kukasungitsa mtendere, koma za kumeneko sankakamba ndi munthu. Zaitun anawapeza pa mpopi akutsuka zomwera nkhuku.

"A Mwale, inu mumazidziwa izi. Akuti kuchokera pamalire kukafika pamene awasungapo ndi maola anayi okha. Asilikali athu sangakawatenge?"

A Jethro anatseka mpopi. "Kupita angapite. Koma amake Shamim, msilikali si ambulansi. Akalowa m'dziko la eni amalowa akuwombera, ndipo enawo sangokhala manja lende."

"Ndiye tingokhala, amuna athu akufa?"

"Sindinatero."

"Mwatero. Nonse mukutero, kungoti mwaulemu."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba, ndipo masiku angapo sanawapatse moni.

Panapita milungu iwiri popanda uthenga uliwonse. Zaitun ankapitabe pakhonde paja, koma anasoka mkono wa shati chotembenuza kawiri, mwini wake n'kuitenga osanena kanthu chifukwa cha chisoni. Shamim ankaimba kuchokera ku sukulu kuti akufuna kubwera, amake n'kumuletsa. Kenako wailesi ina ya m'tauni inakonza zoti nkhaniyi ikambidwe Loweruka m'mawa. Woulutsa mawu, Faith Tembo, anaitana loya wina komanso a Jethro ndi akazi awiriwo. Mainess anakana, nati pakamwa pake pauma. Zaitun anavala mpango wake wa Lachisanu n'kupita yekha.

Kachipindako kanali kozizira, kopanda zenera. Loya ndiye anayamba.

"Malire ndi amene amateteza dziko ngati lathu," anatero. "Tikalowa lero kumeneko ponena kuti tikukapulumutsa anthu athu, mawa wina wamphamvu kuposa ife adzalowa pa malire a Mwami kapena a Chanida n'kunena zomwezo. Tidzamuletsa ndi pakamwa pati? Zimene asilikali aja achita ndi mlandu, ndipo alipo makhoti oweruza milandu yotere."

Mafoni anayamba kulira. Bambo wina wa ku Mchini anakuwa mpaka mawu kusasa. "Loyayo akadakhala mbale wake sakadalankhula za makhoti! Boma limene likuwotcha anthu ake omwe lataya kale ufulu wouza ena kuti musalowe!"

Atangodula, anaimba mayi wina wa ku Mtenguleni. "Mwana wanga ndi msilikali," anatero motsitsa. "Inu amene mukuti alowe, mukutuma mwana wa yani? Tikapulumutse asanu ndi anayi, tiike m'manda makumi asanu?"

Faith anatembenukira kwa a Jethro. Iwo anasisita bondo.

"Ulendo woyamba," anayamba motero, "tinali tsidya lino la mtsinje, lamulo likuti tisawoloke chifukwa boma la kumeneko silinavomere. Tinaonerera mudzi ukupsa kuyambira m'mawa mpaka masana, mfuti zili m'manja. Titaloledwa patapita masiku awiri, tinangokakumba manda. Ulendo wachiwiri, m'dziko lina, tinaloledwa msanga. Tinathyola chitseko cha nyumba imene ankasungiramo anthu. Tinawapeza onse atangowaombera kumene, matupi akali ofunda. Owasungawo anamva magalimoto athu akubwera."

"Ndiye mukuti tichite chiyani, a Mwale?" anafunsa Faith.

"Sindikudziwa, mwananga. Ndatha zaka khumi ndikudzifunsa."

Zaitun anawayang'anitsitsa. Mwamuna wake anali wogwada pa tara, ndipo munthu yekhayo amene ankadziwa za nkhondo m'chipindamo akuti sakudziwa. Sanadikire kufunsidwa. Anakokera maikolofoni pafupi.

"Ine malamulo sindinaphunzire," anatero. "Koma ku Kapata tikamva munthu akupha mkazi wake nyumba yachiwiri, sititi ndi nyumba ya eni. Timathyola chitseko. Mwamuna wanga sanagwirepo mfuti chibadwire. Ananyamula ufa woti anthu adye. Ndikupempha boma, tumizani asilikali. Atumizeni lero. Akalowe, akatenge amuna athu, ndipo amene anawamenyawo nawonso akagwade pa tara."

Wina m'chipindamo anali akujambula pa foni. Dzuwa lisanapendeke, mawu ake anali atafika paliponse. Mumsika amayi ankamugwira chanza, okwera njinga za kabaza ankamuimbira belu. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni tsokalo, Zaitun anadya chakudya n'kumaliza, poganiza kuti wachitapo kanthu.

Lolemba cha m'ma teni koloko, ali pakhonde, foni yake inalira. Nambala inali yakunja.

"Amake Shamim." Mawu anali onong'ona, osasa, koma anali a Shaban. "Musalire, mvetserani. Ndili ndi kanthawi kochepa. Foniyi ndi ya mayi wina dzina lake Maliya, amene amaphikira asilikali kuno. Akamupeza nayo amupha."

"Abambo a Shamim, muli bwanji? Mukudya? Akupwetekani pati?"

"Mawu anu afika kuno. Dzulo mkulu wa asilikali anatisonkhanitsa n'kutionetsa pa foni yake. Wina anamumasulira zonse. Kenako anafunsa kuti mwamuna wa mayi ameneyu ndani."

Zaitun anagwira m'mphepete mwa makina. "Munatani?"

"Ndinachita mantha. Ndinakhala chete." Anapuma movutikira. "Matiyasi anaimirira n'kunena kuti palibe amene akumudziwa mayiyo. Anamutengera kuseri. Amubweza sakutha kuyima. Akuti asilikali athu akangoponda malire, ayamba ndi ife. Chonde, musalankhulenso. Auzeni onse asiye."

Foni inaduka. Zaitun anakhala chomwecho, foni ili kukhutu, akuyang'ana nsalu imene inali pansi pa singano. Anaganiza za Mainess, amene panthawiyo anali mumsika akusanja matimati osadziwa kanthu.

Chimene chinamudzutsa chinali phokoso. Linkachokera ku msewu waukulu wa Great East, ndipo anthu ankathamangira komweko. Mayi wina wogulitsa nthochi anamukuwira akudutsa: "Amake Shamim, tiyeni! Agwira dalaivala wa kwawo konkuja! Thiraki yake yaima pomwetsera mafuta!"

Zaitun anathamanga monga sanathamangepo chikhalire mtsikana. Asanafike anamva khamu likuimba mawu ake omwe: "Nawonso agwade! Nawonso agwade!" Anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka kutulukira kutsogolo. Pambali pa thiraki ya nambala zachilendo panagwada bambo wamfupi wa imvi, manja ali kunkhongo, mlomo utang'ambika. Ankabwereza mawu amodzimodzi m'chilankhulo chake. Amuna ena anali ndi miyala, wina ankagubuduza tayala. Ndipo kulikonse kumene Zaitun anayang'ana kunali mafoni atakwezedwa m'mwamba, akujambula. Anadziwa nthawi yomweyo kumene kanemayo ikafike dzuwa lisanalowe.

"Ndi amake Shamim!" wina anakuwa. "Apatseni njira! Mwala woyamba ukhale wawo!"

Munthu wina anamuikira mwala m'dzanja. Zaitun anautaya pansi.

"Zimitsani mafoni!" anakuwa. "Zimitsani! Mwamuna wanga wandiimbira tsopano lino. Mukamukhudza bamboyu mwapha amuna athu onse asanu ndi anayi!"

Ena anatsitsa mafoni, ena ayi. Wa tayala uja anafika pafupi, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, Loweruka munati chiyani? Si inu munati agwade?"

"Ndinatero. Ndinalakwa. Uyu ndi dalaivala ngati mwamuna wanga. Wawotcha mudzi wa yani?"

"Akugulani!" anakuwa wina kumbuyo. Mwala unawuluka n'kuphwanya galasi la thiraki, magalasi n'kuwagwera onse awiri.

Zaitun sanadziwe china chochita. Anakhala pansi pa tara wotenthayo pafupi ndi mlendoyo, namugwira mkono ndi manja onse awiri. Sanayang'anenso munthu kumaso. Khamu linkasuntha, likutukwana, koma panalibe wofuna kuponya mwala umene ungagwere mayi amene dzana lomwelo ankamugwira chanza. Amayi awiri a mumsika anabwera n'kukhala pansi pambali pake. Kenako wachitatu. Anakhala motero mpaka galimoto ya apolisi inafika n'kumutenga bamboyo.

Kuchokera pamenepo Zaitun anapita molunjika mumsika wa Kapata, zidutswa za galasi zikali pa mpango. Anamuuza Mainess zonse, osabisa kanthu, ngakhale za funso la mkulu wa asilikali ndi amene anaimirira. Mainess anamvetsera mpaka kumapeto. Anatola tomato mmodzi amene anagwa, namupukuta ndi chitenje, namubwezera pamulu. Zaitun anaima pamenepo kanthawi, kenako anachoka.

Masana omwewo anakagogoda kwa a Jethro, ndipo anapita limodzi ku wailesi kukapempha Faith kuti aulutse uthenga woti anthu asiye kufalitsa kanema ya Loweruka ija. Faith anaulutsa. Koma chimene chalowa m'mafoni a anthu sichibwezeka, ndipo milungu yotsatirayo Zaitun ankadzidzimuka foni ikangolira.

Madalaivala anamasulidwa pa tsiku la makumi anayi ndi limodzi, kazembe ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti atakambirana nthawi yaitali ndi akuluakulu a kumeneko. Asilikali athu sanawoloke malire. Amuna asanu ndi atatu anatsika basi ku Chipata ali owonda, ndevu zili nyankhalala. Bokosi la Matiyasi linabwera pambuyo pa galimoto ina. Anamwalira patatha masiku asanu ndi limodzi chimumenyereni kuseri kuja.

Shaban anabwera khutu lamanzere litagontha, zala ziwiri zitapindika. Sabata yoyamba sanakambe kanthu. Tsiku lina m'mawa, akumwa tiyi pakhomo, anayamba yekha kusimba za Maliya, mayi wa foni uja. Mudzi umene unkayaka pa kanema unali wa kwawo. Mwamuna wake ndi mlongo wake anaphedwa tsiku lomwelo, iye n'kutengedwa kuti aziphikira amene anawaphawo. Ndiye ankawabisira madalaivala makoko a m'poto ndi madzi.

"Tsiku lotimasula anandigwira shati," anatero Shaban, akuyang'ana m'kapu. "Anandifunsa kuti, asilikali anu aja mkazi wako ananena abwera liti? Inu mukupita, ife mukutisiyira yani?"

"Munamuyankha chiyani?"

"Ndinakwera galimoto."

Shaban sanawolokenso malire alionse. Anapeza ntchito yoyendetsa kalole ka mbewu pakati pa Chipata ndi Lundazi. Zaitun anabwerera pa makina ake. Ena mumsika amamutchabe mayi amene anasintha mawu, ena amati ndi amene anapulumutsa munthu pomwetsera mafuta. Iye sayankha onsewo.

Matiyasi anaikidwa kwawo, kufupi ndi Mtenguleni, ndipo Mainess sanabwererenso ku Kapata. Pamaliro akazi awiriwo sanalankhulane. Mvula itagwa, mtedza utamera, Zaitun anakwera minibasi n'kupita kumudziko. Anamupeza Mainess m'munda akupalira yekha. Anagwada kumapeto kwa mzere.

"Amake Dolika," anamuitana ndi dzina la mwana wake woyamba, "ndabwera kudzapepesa. Pakamwa panga ndi pamene panamupha mlamu."

Mainess anaimika khasu. Anamuyang'ana, thukuta likutsika m'masaya.

"Dzukani, mukudetsa chitenje. Anamupha ndi amene anamumenya. Ndakhala ndikufuna kukudani, koma zikukanika, chifukwa zimene munanena pa wailesi ndi zimene zinali mumtima mwanga. Ine ndinangosowa mphamvu yokanena." Anapukuta kumaso. "Chimene chimandiwawa n'chakuti asilikali akadapita sabata yoyamba ija, bwenzi ali moyo."

"Kapena bwenzi onse atafa," anatero Zaitun motsitsa.

"Kapena," anavomera Mainess. "Inu wanu anabwera, ndiye mukhoza kunena kapena."

Kumadzulo kunali kutayamba kuda, mphepo ikununkhira mvula, ndipo mizere yosapalira inali ikadali yambiri. Pansi pa mtengo wa mango panali khasu lina. Zaitun anapita kukalitenga, namanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba mzere woyandikana ndi wa Mainess. Anali asanagwire khasu chiyambire ali mwana, ndipo posakhalitsa m'manja munatuluka matuza. Anapalira mizere isanu ndi umodzi osalankhulana, mpaka mvula inawathamangitsira m'nyumba.